Mano Asanu ndi Anayi

Limba la bambo lagona pamwamba pa wadiropu
zaka khumi ndi chimodzi, litafunda chitenje cha mayi.
Mphemvu zinachita lendi pansi pa makiyi akuda.
Nditalitsitsa mu Juni, ku Chibavi kukuzizira
moti madzi a m'ndowa ankaluma zala,
kagalasi kake kanaphethira, n'kulemba kuti batire la m'kati likutha.
Likatha, nyimbo makumi awiri zimene bambo anasungamo
zichoka osatsanzika.

Ndinalimangirira pa kabaza, ine pa kabaza wina pambuyo,
kukuwa pa bampu iliyonse: pang'onopang'ono, achimwene!
mpaka ku Taifa, kuseri kwa ogulitsa nsalu,
kumene a Chirambo amakhala pakati pa mawailesi akufa,
magalasi awo omanga ndi waya.

Anauzira fumbi, n'kukweza chingwe cha limba.
Mutu wake ndi wa mano asanu ndi anayi.
Anatembenuza kompyuta yanga,
ija ndinagula kwa mphunzitsi wopuma wa ku Luwinga,
chala chikuyenda m'mbali monse, kufufuza.
"Mayi Nyasulu, pano palibe kamwa lolandira mano awa.
Zonsezi n'zokalamba, inde,
koma sizinavinidwe chaka chimodzi.
Pafunika nkhoswe."

Nkhoswe yoyamba inabwera pa basi kuchokera ku Tunduma
m'chikwama cha mayi wa geni ya nsapato,
yabuluu, yonyezimira, ya ndalama zanga za makala.
Kompyuta inaiyang'ana n'kunena kuti siikuidziwa.
Yachiwiri a Chirambo anaizula m'sikelo yakale yoyezera khofi.
Imeneyo inalandiridwa, koma milandu siinathe:
limba likuyankhula pa liwiro lake,
kompyuta ikumvera pa liwiro lina,
pagalasi pakungomwazika zilembo ngati linthumbu lopondedwa.

Magetsi anathima Lachiwiri.
Iwo anaika chitsulo chowotcherera pa mbaula ya mayi wa chimanga,
n'kumathamanga nacho chisanapole,
dontho la mtovu pa kawaya kochepa ngati tsitsi.
Ine ndinkagwira tochi ya foni.
Mwendo wachiwiri ndi wachitatu anaisinthanitsa,
n'kutukwana pang'ono m'Chitumbuka, n'kupepesa.

Masabata atatu.
Kenako tsiku lina mawawa akunong'ona pa malata,
kagetsi kobiriwira kanayamba kugunda ngati mtsempha.

Ndinkadikira mawu a bambo.
Kunabwera manambala.
"Makinawa sasunga mawu," anatero a Chirambo.
"Amasunga kuti chala chinagwera pati,
chinakanikiza motani, chinachoka liti."
Timizere tinandanda pagalasi,
tina tatitali, tina tatifupi ngati mpunga wosweka,
ndipo limba linayamba kudziimba lokha
nyimbo ija ankalowetsera akwati ku holo ya ku Katoto.
Wogulitsa maloko anasiya kuwerenga chenje.

A Chirambo anatsinzina diso limodzi, kuloza ndi sikuludiraiva.
"Taonani apa. Ndi apa. Apanso.
Kamzere aka kakumachedwa nthawi zonse,
pang'ono chabe, koma kakuchedwa.
Pali batani lowongolera. Kudina kamodzi, zonse ziima pamzere."

Ndinawagwira dzanja.

Chala chachinayi cha kumanzere.
Macheka a ku Chikangawa anadya nsonga yake
ine ndisanabadwe,
ndipo chinkafika pa kiyi anzake atafika kale,
monga chinkafikira mochedwa pa tsaya langa
akandipukuta misozi.

"Zisiyeni choncho," ndinatero.
Sanafunse. Anangochotsa dzanja pa batani
n'kuyamba kukopera nyimbo yachiwiri.

Tinamaliza ya makumi awiri ogulitsa akutseka mashopu.
Ya sikelo ija anakana kundilipiritsa,
akuti mwini wake anaiiwala kalekale.
Batire linafa Loweruka m'mawa.
Ndinayatsa limba, m'kati muli mbee ngati nyumba yosamukamo.

Nkhoswe ndimaisunga m'chitini cha mabisiketi,
yokulungidwa tepi yakuda, yonyansa maonekedwe.
Usiku magetsi akakhalapo ndimailumikiza,
mano onse asanu ndi anayi,
n'kukhala pa mpando kudikira
kachala kaja kafike.