Wobwereketsa Njinga pa La Digue

Boti la ku Praslin likakocheza padoko
amatsika atapsa mphuno ndi dzuwa,
kabuku m'manja, funso pakamwa:
"Mayi Ernesta, tiuzeni zodabwitsa za kuno."
Ine ndimayamba ndapopa matayala.

Chilumbachi nchochepa ngati chikhatho.
Mukapalasa m'mawa mukafika pothera msewu
tiyi asanazizire m'mimba.
Dzinalo ndi lotola: linali la chombo
cha amalinyero achifalansa
chimene chinadutsa kalekale, nkulisiya pano
monga mlendo aiwalira chipewa pampando.

Phiri lathu amati Chisa cha Chiwombankhanga.
Ndakwerako kanayi. Chiwombankhanga ayi ndithu,
koma mileme ya nkhope za ana agalu,
ija ena amaiphika mu mkaka wa kokonati.
Musachite tsinya. Simunalawe.

Mukakumana ndi fulu pamsewu, mupatukireni.
Amalemera kuposa inu ndi njinga yanu,
ndipo anabadwa bambo a bambo anu asanamere mano.
Mukandeni pakhosi pang'onopang'ono:
adzadzuka, nkutalika,
ngati amuitana dzina m'tchalitchi.

Miyala ikuluikulu yakugombe
ija munaiona pa kalendala kuntchito kwanu, ilipodi.
Inu mukaijambula.
Ife tinkabisalamo pothawa masamu.

Duwa la vanila limatseguka m'mawa umodzi basi,
ndipo njuchi za kuno sizidziwa khomo lake.
Timalikwatitsa ndi dzanja,
ndi kamtengo kotokosera m'mano.
Ukagonereza, ukwati watha.

Kale akubwera onse ankakwera ngolo.
Mwamuna wanga Wilfrid ankayendetsa yake,
ya denga lofiira, ng'ombe yake Kapitenn.
Ankakambirana awiriwo njira yonse
nkhani zimene ine sanandiuzepo.
Tsopano kuli timagalimoto ta batire
toyenda mwakachetechete ngati mphaka wakuba.
Goli lili kuseri kwa nyumba. Chiswe chalipeza.

Izi sizili m'kabuku kanu, pepani.
Tibwerere ku mbalame.

M'nkhalango ya mitengo ya badamye
muli kambalame kakuda bii, mchira ngati riboni,
kamene dziko lonse lapansi
kanangotsala pang'ono kutsala kuno kokha.
M'Chikiliyo timati vev: wamasiye.
Chodabwitsa nchakuti wovala zakudayo ndi wamwamuna.
Mkazi wake amavala zofiirira, chifuwa mbee,
ali kalikiliki kumata chisa ndi ulusi wa kangaude.
Ine zakuda ndinavula chaka chitatha.
Iye amabwerabe pa mpanda wanga m'mawa,
atavala za maliro amene sanandiuze kuti ndi a yani.

Akuti wodya friyapen wootcha
adzapondanso mchenga uno.
Ndawadyetsa ambiri. Anabwerako ndi atatu,
mmodzi kudzafuna magalasi ake.

Basi, tengani yobiriwirayi, ili ndi dengu.
Buleki yakumanzere imagwira mochita kuipempha.
Pa mtsetse wa ku Grand Anse tsikani, muikankhe;
palibe amene adzakusekeni,
kupatula ana a Radegonde.
Loko musavutike nayo.
Wakuba njinga pano angapite nayo kuti?
Nyanja ili uku, nyanja ili uko.

Mubweze dzuwa lisanamire kuseri kwa Praslin.
Mukandisowa pano, imikani pamtengopo.
Ndikhala ndili kumanda a ku La Passe,
ndikuuza Wilfrid kuti lero anabwera angati.