Pepala la Adzatopa

A Yotamu Miti anabwera naye pa wilibala
kuchokera ku Kalingalinga, asanagone n'komwe,
akadali m'jekete la ulonda wa usiku.
Dzina la galu? ndinafunsa.
Adzatopa, anatero. Musafunse kuti ndani.

Anameza chitsononkho kudzala.
Lero ndi tsiku lachiwiri chili m'matumbo.

Kuno ku Kabulonga ntchito yanga ndi kuwerenga.
Dokotala Sikazwe amang'amba, amasoka,
ine ndimagwira cholembera ndi ntchafu ya galu,
pomwe mtsempha umadumpha pansi pa chala
ngati chiwala chofumbatidwa.

Eyiti koloko ndinalemba:
mtima, zana limodzi ndi makumi atatu pa mphindi;
kupuma, wefuwefu;
usinini wotuwa, dovu chuchuchu,
lilime likunyambita milomo kosaleka.
Ndi momwe galu amanenera kuti ali ndi nseru.

Jakisoni woyamba si wogonetsa ayi.
Ndi woletsa kusanza,
kuti za m'mimba zisakwere ali mtulo
n'kusochera njira, n'kulowa m'mapapo.
Timausunga m'firiji, poti wozizira suluma kwambiri pakhungu,
koma magetsi anapita dzulo madzulo
ndipo kabotolo kanali kofunda ngati dzira la kumene.

Dutsira mumtsempha, anatero dokotala,
koma pang'onopang'ono, Tisauke.
Ukathamanga iwe, magazi ndiwo amaleka kuthamanga.

Ndinakankha ndi chala chachikulu
mochedwa kuposa mzere wa magalimoto pa Manda Hill.
Kunja kondakitala ankaitanira a ku tauni.
Ndinamumva katatu ndisanamalize.

Komabe manambala anatsika.
Mphamvu ya magazi, imene inali makumi asanu ndi anayi,
inafika makumi asanu ndi awiri, n'kuima pamenepo
monga munthu waima pakhomo
akuganiza ngati atuluke.
Mtsempha unafewa pansi pa chala changa.
Sindinalankhule. Ndinatsegulako diripi,
n'kulemba nthawi, dzanja lili thukuta.

Mphindi zisanu. Zina zisanu.
Mphamvu inayamba kubwerera, imodziimodzi.
Mtima unakhazikika, mpweya unatalika,
lilime linabwerera m'kamwa n'kukhala chete.
Apo m'pamene tinamugonetsa.

Za mpeni sindinazione bwino.
Maso anga anali pa nthiti, zikukwera, zikutsika,
ndi pa kutentha kumene kumathawa m'thupi logona
ngakhale mu Okutobala.
Ndinamuveka masokosi a mwana kumapazi onse anayi.
Chitsononkho chinagwa m'beseni, gobede,
chakuda, chonunkha, chachifupi kuposa chala changa.

Anadzuka cha m'ma leveni, osasanza.
Anangoyasamula, mchira n'kumenya tebulo kamodzi.

A Miti ndinawapeza ali mtulo pabenchi,
chipewa kumaso, nsapato imodzi yovula.
Anayang'ana pepala langa nthawi yaitali,
mizere ya manambala kutsika mpaka pansi.
Zonsezi mwalemba inu?
Mphindi zisanu zilizonse, ndinatero.
Osaphethira?
Kuphethira kokha ndiye ndinaphethira.

Ndiye nanunso ndinu mlonda, anatero,
kungoti geti lanu ndi laling'ono.

Anapempha chitsononkho chija.
Ndinawakulungira m'nyuzipepala yakale,
akuti akaonetse amayi akunyumba,
amene dzulo ankati galuyo walodzedwa.