Utomoni wa ku Bembeke

Ine ndimakonza njinga pa Bembeke,
pansi pa mkungudza wopendekeka uja.
Za nyimbo sindidziwa.
Ndimadziwa tcheni ikauma, sipoko ikalira molakwika.

Sigele anafika ndi kabokosi kakuda, ngati ka maliro a khanda,
ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, milomo itang'ambika ndi chisanu cha Juni.
Asisitere okalamba, pobwerera kwawo, anamusiyira chinthucho:
nsambo zitatu, yachinayi yoduka.
Anati, Malume, inu waya sakukanikani.

Ndinamasula chingwe cha buleki,
n'kusolola kawaya kamodzi kopyapyala,
n'kukunga mpaka mano anachita dzanzi.
Vayolini inalira ngati chitseko cha dzimbiri.
Agalu a kwa Kamenyagwaza anayankha.

Uta unkangoterereka.
Tinakwera m'mapaini kukakanda utomoni ndi sipanala,
kuuphika m'chitini cha polishi
mpaka unauma ngati shuga wopserera.
Atapaka, uta unaluma.

Tambala woyamba ankamupeza m'nyumba yosungira kachewere,
zala akuotha pa koloboyi, chibwano chitachita chipsera.
Amayi opita kudimba ankati,
Mwana wa Nangozo akuchekabe mtengo wosagwa uja.
Mchemwali wanga ankangofunsa, Chidzakudyetsa?

Zomba inamutenga. Kenako ndege.
Makalata ake sanali a chimwemwe chokhachokha:
anayesedwa katatu kuseri kwa nsalu, katatu anamubweza;
dzanja lamanzere linatupa miyezi isanu;
anatsuka mbale m'lesitilanti, akuwerenga kugunda kwa nyimbo ndi mapazi.
Chaka china sanalembe n'komwe.

Ndiye usiku wina foni yanga yosweka galasi inaphethira.
Tinaunjikana asanu ndi awiri pa benchi ya girisi.
Uyo, m'diresi lakuda, wayima yekha kutsogolo,
kumbuyo kwake anthu makumi asanu ndi limodzi, mauta m'mwamba,
ndi mkulu wa kandodo,
onse akudikira kuti mwana wa Nangozo apume kaye.
Anapuma.
Zimene zinatuluka sindingazitchule.
Zinali ngati nkhungu ikamatsika phiri la Dedza osaponda udzu,
kenako ngati njinga yopanda buleki pa Golomoti.
Bandulo inathera pakati.
Palibe anayankhula. Mchemwali wanga anapita kukayang'ana mbuzi
zimene anali atatsekera kale.

Wabwera Julaye uno, wawonda, Chichewa chikumupunthwitsa pang'ono.
Vayolini ya tsopano akuti si yake, ndi yobwereka,
mtengo wake ungagule msika wonse ndi malole omwe.
Sindinaikhudze. Manja anga ndimawadziwa.
Anakhala pa gudumu, mphepo ikumwaza mapepala,
n'kuyamba kuimba pakati pa matayala ndi mapampu.
Akabaza anazimitsa wailesi.

Ndinamvetsera ndi khutu langa la ntchito.
Chisanu cha kuno sichiopa mtengo wa chinthu.
Ndinati, Iwe, sipoko yachiwiriyo yakhwefuka.
Anaima. Anaikhwatula ndi chala, n'kupendeka mutu,
n'kuseka mpaka kutsokomola,
akupotokola kachikhomo pang'onopang'ono.

Ponyamuka anafunsa ngati chitini chija chilipo.
Chilipo. Ndimasungiramo mavavu.
Pansi pake patsala utomoni wokwana chikhadabo,
ndipo wautenga.