Poti Zii

Ndimagwira ntchito pachigayo kwa Chinsapo.
Zaka zisanu ndi zinayi makutu anga akudya phokoso.
Ngakhale usiku, magetsi atathima,
m'mutu mwanga lamba amangozungulirabe.

Ndiye atandipatsa masiku anayi opuma
ndinabwereka tenti kwa alamu anga a Chidzanja,
yobiriwira, ya chigamba cha thumba la feteleza,
zikhomo zake zosakwana.
Ndinatsika minibasi pa Bembeke
ndi ketulo, machesi, mabulangete awiri
ndi funso limodzi:
kodi kuno poti zii ndi pati?

Wakabaza anandiyang'ana kuyambira kuphazi.
"Kumanda," anatero, n'kuseka,
n'kukanditula pomwe msewu umathera m'munda wa kachewere.

Malo oyamba anali pansi pa mapaini,
mthunzi wabwino, fungo la utomoni,
koma kuseri kwa chitunda macheka anali kulira.
Achiwiri anali m'mbali mwa dambo.
Ndisanakhome n'chikhomo chachitatu chomwe
mayi wina anaika khasu pansi, napukuta manja,
nabwera chowerama:
"Pepani bambo, watisiya ndani?"
Kuno tenti siima chabe.
Ana anamwazika, ati kwabwera a katemera.
Mkulu wina anafika ndi chitupa m'manja
kudzalembetsa makuponi.
Ndinazula zikhomo zanga.

Anandipulumutsa ndi Lekeleni, mnyamata wa mbuzi,
wa jekete lofika m'maondo.
Sanafunse zambiri. Analoza ndi mlomo, natsogola,
ine pambuyo wefuwefu,
kudutsa m'masuku, m'tsekera woyabwa,
pamwala wong'ambika pakati ngati chigumu,
mpaka pathanthwe pomwe dziko limaduka mwadzidzidzi.
Pansi apo, kutali, chigwa cha Golomoti chili yalee,
utsi wa owotcha makala uli njoo ngati ulusi,
lole ikutsika m'makhotamakhota
yaing'ono ngati nyerere, yopanda mawu.
"Kuno sikufika munthu," anatero Lekeleni.
"Netiweki kulibe."
Ndinamupatsa mabanzi awiri.
Limodzi anadya, lina anasungira mlongo wake.

Zikhomo zinakana thanthwe.
Ndinapsinja zingwe ndi miyala.
Dzuwa litapendeka chisanu cha Dedza chinabwera kudzandizonda,
chinalowera pachigamba paja osaodira,
n'kugona nane bulangete limodzi.

Usiku woyamba sindinaone tulo.
Bata linandikulira ngati malaya obwereka,
ndipo mkati mwake chigayo chinkalirabe.
Ndinali nditachisenza ndekha,
kuchikweza phiri lonse lija.

Tsiku lachiwiri ndinangokhala.
Gulo pamwala ankagwedeza mutu
ngati wavomera mlandu.
Anyani anadutsa pamzere, wamkulu anaima,
kundiyang'ana monga amachitira landilodi pa wani,
kenako anapita.
Chifunga chinakwera kuchokera m'chigwa,
chinameza mtengo, chinameza tenti,
chinandisiyira manja okha ndi kapu ya tiyi.

Mbandakucha wachitatu ndinadzidzimuka ndi mantha.
Chinachake chasowa.
Ndinafufuza foni, ilipo. Nsapato, zilipo.
Ndipamene ndinazindikira:
lamba waduka.

Tho.
Mame kuchoka pachingwe kugwera pa ketulo.
Tho.
Ndipo pansi pa thanthwe, kasupe,
kamene ndinagona nako mausiku awiri osakamva,
kakudziyankhulira kokha m'mizu.
Njiwa imodzi. Belu la kumishoni, lopyapyala,
lofika litatopa ndi ulendo.
Ngakhale mpweya wanga womwe
ndinaumva ukulowa, ukutuluka,
ngati mlendo amene wakhala m'nyumba mwanga zaka zonsezi
osandipatsa moni.

Pochoka ndinabweza miyala m'malo mwake,
phulusa ndinakwirira.
Lekeleni anandiperekeza mpaka pakachewere
nafunsa ngati ndidzabwere ndi anzanga.

Lolemba ndikayatsanso chigayo,
ufa ukandiyeretsa nsidze monga kale.
Akandifunsa kuti ndinali kuti
ndidzangoti ku Dedza,
kunali kuzizira,
kulibe choti mungakaone.