Amandifunsa za Lufeyo

Amafika mpaka pa benchi yanga ku Mbare Musika,
amagula tomato wa dola imodzi kuti apeze poyambira,
kenaka funso limatuluka:
Mayi, ndinu mdzukulu wa Lufeyo Kadzamira?

Ndine.

N'zoona kuti anamenya mpira wa besibo
mpaka unakagwera m'sitima ya ku Mutare?
Ine kunalibe. Kafunseni sitimayo.
Mwini wake ankati unagwera m'chimanga cha mayi wina
yemwe anakana kuubweza.

Anaphunzira kuti?
Pa bwalo la azungu pomwe ankatchetcha kapinga,
mzinda uno ukutchedwabe Sozibele,
iye ali mnyamata wa ku Dedza
wa bulangete limodzi ndi chitupa m'thumba.
Ntchito ina inali kutola mipira yosochera.
Tsiku lina madzulo, mabwana atalowa kukamwa,
anatola chibonga.

Ankamenya ndi dzanja liti?
Lamanzere,
lomwe mphunzitsi wa ku mishoni analikwapula zaka zitatu
kuti lileke kugwira choko.

Nanga yodumpha mpanda inakwana ingati?
Mkulu wina wa ku Highfield amati makumi anayi.
Wa ku Mufakose amalumbira kuti zana,
ndipo akamwa botolo lachiwiri amawonjezera.
M'kaundula wa kalabu mulibe Lufeyo,
muli "wotchetcha" ndi malipiro ake a pa Lachisanu.

Chibongacho chilipo? Tingachijambule?
Chilipo, koma mudzakhumudwa.
Mayi anga anasinjira mtedza zaka zambiri,
nsonga yake inatha, imanunkhira chiponde.

Akafika apa amatseka makope awo.
Palibe amene amafunsa
chimene ankayang'ana atakhala pakhonde ku Dzivarasekwa,
maso atachita nkhungu,
zala zikupapasa msoko wa mpira wakale
ngati akuwerenga kalata.
Palibe amene amafunsa chifukwa chake
basi ya ku Malawi ikamalira pa Roadport
ankavula chipewa.

Ine ndinamufunsa kamodzi, ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu:
masewerawa amatha bwanji?
Anajambula pansi ndi chidendene ngodya zinayi.
Umayima apa, anatero, pano ndi pakhomo.
Umamenya, umataya ndodo, umathamanga,
umaponda apa, apa, ndi apa,
koma sakuwerengera kanthu, mwanangu,
mpaka utabwerera pomwe unachokera.

Anatero mtchona
yemwe anasunga sutikesi pamwamba pa kabati
zaka makumi asanu, yomangamanga kale.
Tinamugoneka ku Warren Hills.
A bungwe la maliro anaimba m'chinenero cha kwawo,
ana athu akuvomera m'Chishona.

Ndiye mukandifunsa ngati analidi katswiri,
ndimati inde, ankathamanga ngati gwape,
ngodya zitatu anaziponda zonse.

Chenji chanu ichi.
Tengani ndi uyu wa mbasela, wapsa kwambiri,
sagona mpaka mawa.