Lipoti la Nsikidzi

Magetsi abwera hafu pasiti leveni usiku
kuno ku Mufakose,
ndiye ndadzuka, ndatchaja foni yong'aluka galasi ija
imene ndimamangirira pa ntchafu ndikamauluka.

Fomu ikuti: fotokozani zimene munachita.
Loweruka ndinatsitsa pulogalamu yatsopano,
bando yonse inathera pomwepo.
Lamulungu chingwe chinandikokera m'mwamba,
ndinachimasula, kunangoti zii,
ndege yopanda injini, ine ndi mphepo basi.

Munayembekezera chiyani?
Kuti kafoni kanene zoona.
Kakati tii-tii-tii ndiye kuti mpweya wotentha wandinyamula,
kakabuula, ndikutsika.

Nanga chinachitika n'chiyani?
Kanaimba ngati kali pa ukwati
pamene minda yolimidwa inkandikulira m'maso.
Harare uko, nsanjika zake zitaima mu utsi,
jakaranda atathothokera m'misewu,
ine ndikugwa mwaulemu, pang'onopang'ono,
makina akundiombera m'manja.

Anandiombola ndi adokowe atatu
ozungulira kumanzere kwanga osakupiza phiko.
Ndinawatsata.
Iwowo chiswere dzira sanasinthepo pulogalamu.

Nditatera, a Zangaphe oyendetsa makina a chingwe
anaseka mpaka kutsokomola:
"Mwatitha, zaulere n'zimenezo."
Sindinawayankhe.
Ndikuwayankha tsopano, ndi zala ziwiri,
ndikumata manambala a ulendo wonse,
mtundu wa foni, ola, kutentha kwa tsikulo,
ngakhale pamene ndinatukwana ndasiya momwemo.

Mbandakucha yankho lafika.
Munthu wina dzina lake Ilse,
sindidziwa nkhope yake, kaya kwawo kukuzizira,
akuti mzinda wanu unakhala pamwamba kwambiri,
ife tinayesera pa mabwalo a m'zigwa;
kamzere kochotsera kamodzi
kanaima pamene sikanayenera kuima.
Wakonza. Akupempha ndiyese.
Sanatchule mtengo.

Amati nsikidzi zinachilira kwa alendo,
koma iyi yaphedwa ndi mlendo,
ine ndangoloza pamene inandiluma.

Pansi pa ndandanda wa zokonzedwa
aika dzina langa, alakwitsa chilembo chimodzi.
Chimenecho sindichitira lipoti.

Makombi ayamba kuitanira a m'tauni.
Kamzere kobiriwira kakukwawa pa galasi,
sikisite, sikisite wani,
magetsi, chonde, musathawe.
Lamulungu ndikauluka nayo,
khutu limodzi ku foni,
diso limodzi kwa adokowe.