Mayina a Kuseri kwa Rejisitala

Kuseri kwa rejisitala yanga,
tsamba lomaliza lomwe mlangizi satsegula,
ndimasungako mayina.
Ena ndinawadula ndi inki yofiira.
Ena akadali chilili.

Loyamba ndinalilemba ku Domasi, ku maphunziro a masiku atatu.
Bambo wa tayi wobiriwira, mawu ngati a pa wailesi.
Anati: gawani ana m'magulu a asanu asanu,
inu muziyendayenda pakati pawo.
Tinawomba m'manja, tinamwa zoziziritsa kukhosi, tinasaina alawansi.
Lolemba ndinaima pakhomo la Sitandade 3 kuno ku Songani,
ana zana limodzi ndi khumi ndi asanu ndi awiri
ali pansi, bondo la uyu pamsana pa uyo.
Ndinafuna poponda phazi, ndinapasowa.
Dzinalo silinafike pa buleki.

Lachiwiri linakhalitsa.
Mayi Nankhonya, pansi pa mtengo wa mango,
akusenda chinangwa chophika, akuti ana a masiku ano
mitu yawo ndi madengu otungira madzi.
Zinkakoma kumva, ngati nzimbe ya mwini.
Materemu awiri ndinkakhala pambali pawo
mpaka tsiku lomwe Twaibu analemba b chagada
ndipo pakamwa panga panatuluka mawu a mayi aja,
mwanayo n'kubisa kope m'malaya.
Madzulo ndinadula dzina. Dzanja linkanjenjemera,
chifukwa mayiwo anandigonera pa maliro a mwamuna wanga.

A Mtambalika sindiwakonda.
Sapereka moni, amabwereka choko osabweza.
Koma khoma lathu silifika kudenga
ndiye ndimawamva.
Amafunsa funso, kenako zii.
Tsiku lina ndinawerenga chamumtima: makumi awiri ndi zitatu,
ndipo kamawu kakutali, ka mwana amene sayankha,
kanatuluka ngati mbewa pauna.
Chete ameneyo ndinawabera.
Sadziwa kuti dzina lawo lili m'buku langa
ndipo sindidzawauza.

Wina ndinakumana naye mu minibasi ya ku Jali,
makope pamiyendo, omanga ndi mphira.
Tisanafike pa Matawale anali atanena kale:
kuchotsera kobwereka kunandikanika chaka chatha,
theka la kalasi linapita osamva.
Zaka khumi ndi zinayi ndikuphunzitsa,
sindinamvepo munthu akuvomera pagulu.
Nambala yake ndinailemba pachikhatho,
mayi Chiwaula,
ndinafika nayo kunyumba thukuta litafufuta manambala awiri.
Ndinayesa kasanu. Kachisanu anayankha ndi iwo.
Lamulungu madzulo timauzana zomwe zagwa.

Safunsa anadya phula, amatero.
Nanga wofunsa aliyense anadya chiyani?
Alendo amabwera ndi malumo ambiri,
ena kung'anima kokha.
Pano munthu akayamba kundilangiza
ndimayang'ana kaye m'zikhadabo mwake ngati muli choko,
kenako ndimafunsa, m'kalasi mwanu alimo angati?
Akaseka, ndimatseka buku.
Akapuma kaye n'kutchula nambala,
ndimasendeza mpando.

Ndalakwitsapo. Dzina lina ndinalidula msanga,
kamtsikana kongotuluka kumene ku koleji,
ndinati kadziwa chiyani.
Ana ake pano amawerenga zikwangwani za m'tauni mokweza
mpaka kondakitala kuwaletsa.
Ndinalilembanso pamwamba pa mzere wofiira,
Esinati Mpasakuwa, zilembo zing'onozing'ono.

Sabata ino nkhungu yatsika m'phiri,
malata akudontha pakona ya kumpoto.
Kumbuyo kwa kalasi kwakhala mnyamata wodzaphunzira ntchito,
nsapato zopolisha, kope latsopano.
Podutsa kukatola dasitala ndinaponya diso.
Pamwamba pa tsamba walemba dzina langa.
Cholembera chofiira chili m'thumba la malaya ake,
chivindikiro chikadali chotseka.

Ndinabwerera kutsogolo, ndinafunsa funso,
ndinayamba kuwerenga chamumtima.